Za katumbu ndi mbalame yoimba ija

Alamu, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu, loti mwana amupatsa ntchito kusukulu yoyerekeza katumbu ndi mbalame yoimba ya m'nkhalango. Ndingolankhula, kulemba kundichedwetsa.

Mumuuze kaye kuti katumbu si nsomba ayi. Amayamwitsa ana, amapuma mpweya ngati ife, m'madzimo amangomira n'kuvuuka. Zoti mbalame imaikira mazira akudziwa kale. Chimene ndikufuna alembe n'chakuti ziwirizi sizionekaoneka. Mbalame umaidziwira kukhutu, katumbu umamudziwira pa zimene wasiya.

Asankhe mbalame ija ya pachifuwa pofiira ngati njerwa, ya mzere woyera pamwamba pa diso, imene operekeza alendo ku Mfuwe amati Heuglin's robin. Imabisala m'ziyangoyango za m'mbali mwa mtsinje, n'kumatola nyerere ndi chiswe pansi pa masamba ouma. Koma ikayamba m'bandakucha, eee alamu! Imayambira pansipansi, n'kumakweza, n'kumafulumira, mpaka dambo lonse kumveka iyo yokha, ndipo nthawi zina yaikazi imathirira mang'ombe. Chisisira ibwerezanso. Mawuwo sachokera pammero ngati athu, amapangikira m'munsi, pomwe njira ya mpweya imagawikana pawiri kupita kumapapo.

Akatumbu muno m'Zambia alipo mitundu iwiri. Wamkulu uja alibe zikhadabo kumanja, zala zake zili ngati za kamwana, ndiye amapapasa pansi pa miyala kufuna nkhanu ndi achule, ngakhale madzi atavunduka. Wamng'ono, wamawangamawanga pakhosi, amasaka nsomba ndi maso, n'chifukwa chake amafuna madzi oyera.

Tili ana ku mtsinje wa Lutembwe tinkapeza ndowe za katumbu pamwala, zodzaza zigoba za nkhanu zokhazokha. Mwiniwake ndinamuona kamodzi basi, mutu wokha, kuphethira kamodzi wamira.

Chaka chatha ndinapitanso pamalo paja. Mitengo anagwetsa yonse, madimba a tomato afika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Ndinakhala mpaka kunja kuda, mbalame ija osaimva, pamwala paja osapeza kanthu. Zinandiwawa, alamu, sindinama.

Akatsekera sukulu mumutumize kuno. Kumtunda kudakali mikuyu, ndikamutengera kumeneko, koma mumuchenjeze kuti tidzalawira 5 koloko.