"Argument list too long": yankho kwa achimwene a ku Monkey Bay

Achimwene ena a ku Monkey Bay andilembera imelo. Amajambula maukwati, ndiye akalemba cp *.jpg (lamulo lokopera zithunzi zonse) pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, kompyuta imangoti "Argument list too long", kutanthauza kuti mndandanda wa mayina operekedwa ku lamulolo watalika kwambiri. Mnzawo akuti vutoli linatha kalekale, ndipo achimwenewo akufunsa mmene angayesere.

Uthenga wa kompyuta umenewu unandisowetsa mtendere nthawi imene ndinkakonza makompyuta pashopu ina pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Makina akalekale, Linux yakenso yakale, kunja kukutentha monga mukudziwira Mangochi mu Okutobala. Mwini shopu ankathira zithunzi zonse mufoda imodzi: za chinkhoswe, za Eid, za ana asukulu akusambira kunyanja. Ndikati ndizisamutse, uthenga uja. Bambowo ali chilili kumbuyo kwanga, "Amwene, mwaononga kompyuta?" Makasitomala ali pabenchi, mayi wina akudzikupiza ndi envulopu.

Kompyuta inalibe vuto. Kanyenyezi (*) kaja, shell, pulogalamu yolandira malamulo amene mumalemba, imakasandutsa mayina a mafayilo onse, n'kuwapereka nthawi imodzi kwa kernel, mtima wa Linux. Kale kernel inkalandira 128 KB basi. Mu 2007, Linux 2.6.23 inabwera ndi kusintha kwa Ollie Wild ndi Peter Zijlstra, ndipo kuyambira pamenepo malire amatengera kukula kwa stack (memory imene pulogalamu imapatsidwa yogwirira ntchito), gawo limodzi mwa magawo anayi. Stack ikakhala 8 MB, muli ndi 2 MB. Ndiye mnzanuyo wangomva theka la nkhani. Malire anangowasuntha, sanawachotse, ndipo argument imodzi payokha, monga dzina limodzi la fayilo, siingapitirire 128 KB mpaka lero.

Koma zosunga chaka chonse mufoda imodzi zimandinyansa, achimwene. Ndi ngati kuthira usipa, chambo ndi utaka mudengu limodzi kenako n'kumadandaula kuti lalemera. Ukwati uliwonse ukhale ndi foda yake. Tsiku limene mkwatibwi wa chaka chatha adzabwere kufuna chithunzi cha agogo ake omwe anatisiya, mudzandikumbuka. Komanso musayesere zinthu pakompyuta yodyerapo, makamaka kuno komwe magetsi amathima osatsanzika.

Kayesedwe kake

Lembani getconf ARG_MAX ndi ulimit -s. Ambiri amaona 2097152 (malire a 2 MB aja) ndi 8192 (stack ya 8 MB ija). Pangani foda yoyeserera, muidzaze mafayilo opanda kanthu a mayina ataliatali, kenako lembani /bin/echo *. Osati echo * chabe, chifukwa imeneyo ili mkati mwa bash, shell ija, sidutsa pa malirewo, ikunamizani kuti zonse zili bwino. Kompyuta ikakana, kwezani stack ndi ulimit -s 16384 muyesenso.

Za zithunzi zanuzo, musalimbane ndi kernel. Lembani find . -name '*.jpg' -exec cp -t /komwe/zikupita {} + ndipo find idzigawira yokha mayinawo m'magulu okwana.