Kodi alendo angandilipire powayendetsa kolawa mandasi?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimapalasa kabaza pa Mangochi boma. Mlendo wina amene ndinamunyamula pa depoti anandiuza kuti kwawo ku America, m'mizinda ngati Chicago, anthu amalipira munthu woti aziwatsogolera wapansi, kutuluka shopu iyi kulowa ina, akulawa madonasi. Chiyambire tsiku limenelo mtima suli m'malo. Kodi zoterezi zingatheke kuno ndi mandasi athuwa? Anzanga pa siteji akungondiseka.

Wakabaza, Mpondasi

Mwana wanga,

Asiyeni aseke, zingatheke. Ine ndinaphunzira sukulu ndi ndalama ya mandasi, choncho funso lanu landifika pamtima. Mayi anga ankadzuka tambala woyamba asanalire n'kuyamba kukanda fulawa m'beseni, ataika yisiti, shuga ndi kamchere. Akatero ankavundikira ndi chitenje kuti zifufume, ine ndili kalikiliki kukupiza mbaula. Mandasi oyamba kugwera m'chiwaya ankamira kaye, kenako n'kuyandama atatupa, mayi n'kuwatembenuza ndi kamtengo kosongola. Mlendo wanu akufuna kuona zimenezo. Mandasi ozizira a m'chidebe angagule yekha pamsewu popanda inu.

Ndiye yambirani kwa amayi okazingawo, osati kwa alendo. Kuno kulibe mashopu a madonasi ondandalikana ngati kwawoko. Kuli makhonde, kuseri kwa nyumba ndi mabenchi a mumsika. Sankhani amayi anayi kapena asanu amene mumawadziwa ukhondo wawo. Pitani mukakhale pansi, muwalonjere mwaulemu, kwa Ayao "Ajimwiche uli?" (Mwadzuka bwanji?) amatsegula khomo, ndipo muwafotokozere zonse. Mugwirizane ndalama yoti muziwapatsa pa mlendo aliyense, kuwonjezera pa mtengo wa mandasiwo, chifukwa mayi amene akuyankha mafunso a alendo ntchito yake yaima. Za zithunzi mufunsiretu. Akakana, kamera ibwerere m'chikwama, ndipo inu ndi amene muuze mlendoyo.

Poyang'ana ukhondo, maso anu akhale pa mafuta. Akada bii ndiye kuti akazingira kambirimbiri, ndipo mandasi ake amawawira kukhosi. Onaninso ngati chidebe chili chovundikira komanso ngati wogulitsa akutola ndi foloko, osati dzanja lomwe walandirira ndalama. Simunaiwale mmene kolera inavutira boma lino mu 2022 ndi 2023. Muziyenda ndi sopo ndi madzi osamba m'manja, ndipo akumwa akhale a m'botolo kapena tiyi wowira.

Musawadyetse mandasi okhaokha, pofika khomo lachitatu adzakhala atakhuta. Poyamba alawe a yisiti, ofewa aja. Pena alawe a soda, olimbirako, kuti amve kusiyana. Kenako zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa mgaiwa, kachidutswa ka chigumu, n'kutsiriza ndi chibwente cha tsabola choti chichotse kutsekemera mkamwa. Muzidula pakati, aliyense theka.

Dzuwa la Mangochi mukulidziwa. Nyamukani 6 koloko m'mawa, pofika 9 mukhale mutamaliza, ndipo gulu lisapitirire anthu asanu ndi mmodzi. Lachisanu samalani nthawi ya swala, mapemphero a Asilamu. M'mwezi wa Ramadan sinthani ndondomeko, muziyenda chakumadzulo pamene anthu akukonza futari, chakudya chomasulira kusala, koma alendo asamatafune pamaso pa amene akusala kudya.

Pakati pa khomo ndi khomo pakamwa panu pasaume. Mukafika pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, auzeni kuti tauni ino inkatchedwa Fort Johnston. Aonetseni mfuti ya sitima ya Gwendolen, imene inaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu mu 1914, ndi chikumbutso cha anthu amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ngati zina simukuzidziwa bwino, lowani ku Lake Malawi Museum mukafunse. Ndi pafupi pomwepo. Pamlatho aime pang'ono aone Shire akutsetsereka kupita ku Malombe, mabwato a asodzi akubwerera.

Chimodzi musachinyozere: ntchito yoyendetsa alendo ili ndi malamulo ake. Kafunseni ku khonsolo ndi ku ofesi yoona zokopa alendo za chilolezo musanayambe kulandira ndalama. Mukatero lankhulani ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Ndipo musamangodikira azungu. Mabanja a ku Blantyre ndi Lilongwe amene amabwera kunyanja pa Khirisimasi, ana awo ambiri sanaonepo chitumbuwa chikukazingidwa.

Kabazayo musaisiye kaye. Loweruka likubwerali tengani anzanu awiri mwa oseka aja, muwayendetse njira yonse ngati alendo, mutayang'ana wotchi, ndipo mundilembere kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji.

Azakhali