Amuna anga safuna kutsutsidwa pa ndale

Anti, ndine mayi wa ana atatu kuno ku Chawama mu Lusaka. Amuna anga amawotcherera mageti ndi mawindo koma kuyambira 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba malaiti nkumazima pafupifupi tsiku lonse, nchito inagwa, makasitomala anathawira kwa anzawo amajenereta. Manje tikudyera salaula yanga ya ku msika wa Soweto. Vuto ndi loti bambowa asanduka akatswiri a ndale, chipani chawo chokha ndiye chabwino, wina aliyense ndi mbuli kapena anagulidwa. Mlongo wanga anangowatsutsa pang'ono chabe pa mtengo wa ufa, anamupitikitsa pakhomo. Ine ndikayankha akuti mkazi adziwa chani. Kale sanali tere, ndatopa.

Mayi wodandaula

Mwana wanga, ndakumvera chisoni, komanso ndawamvera chisoni bambowo. Taona nthawi imene khalidweli linayamba, si pa masankho a 2021 ayi, ndi pamene manja awo anasowa chogwira. Munthu amene anazolowera kubwera madzulo ndi kathumba ka ndiwo ana nkumamuthamangira, lero akuona iwe ukulipira lendi, ndipo chimene chawatsalira choti nkuonekera nacho pakhomo ndi pakamwa basi. Wokhulupirira chinthu mtima uli m'malo amatha kumva mlamu wake akutsutsa nkupitiriza kudya nsima, amene amalumpha ndi ukali choncho nthawi zambiri amakhala akubisa manyazi, akagonja pa nkhani ya ufa kwa iwo zili ngati avomera kuti banja lawakanika.

Ndiye za chipanizo usalimbane nazo, sungapambane ndipo bala silili pamenepo. Peza usiku ana atagona uwafunse za nchito yeniyeniyo, kuti makina owotcherera akadalipo kodi, nanga ndalama ya chilimba ikakufika simungagwirizane ndi mnzawo wa jenereta kuti azigawana mafuta? Uwafunse nzeru pa bizinesi yakonso, osati mowanyengerera koma moona, adziwe kuti akufunikabe.

Koma zoti mkazi adziwa chanizo ndakana, ndi chipongwe ndipo ana akumva. Uwauze mofatsa kuti mawuwo amakupweteka. Za mlongo wako itanani ankhoswe, apepese, mavuto sapereka chilolezo chodula abale ako. Ndipo tsiku limene ukaliwo udzafike pokweza dzanja, usadikire ankhoswe, pita ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi.