Boti lazima pakati pa madzi pamene kamita kamati batire lili bwino

FUNSO: Ndili ndi boti laling'ono loyendera mota yamagetsi. Chaka chatha ndidachotsa mabatire akale aasidi n'kuika la lithium, la mtundu wa LiFePO4, la mavolti 48 ndi 100Ah (muyezo wa moto umene limasunga). Tsiku lina tikubwerera kugombe, kamita kakuonetsa mavolti 51, mota idangoti zii osachenjeza. Nyali nazo zidazima, ndipo tidafika ndi nkhafi kutada. Kodi adandigulitsa batire lakufa? Nanga n'kulakwa kulisiya pa tchaja usiku wonse padoko?
Wowerenga wodandaula

YANKHO: Pepani bambo, kupalasa mumdima muli ndi anthu m'boti si zinthu. Koma batirelo ndikukayika ngati lili ndi mlandu. Chidakusocheretsani ndi kamitako.

Batire laasidi limanena zoona likamatopa: mavolti amatsika pang'onopang'ono, mota imayamba kulefuka, inu n'kudziwa kuti nthawi yobwerera yakwana. LiFePO4 silichita choncho. Lanulo lili ndi maselo 16, lililonse la mavolti 3.2, zonse pamodzi 51.2. Kaya lili ndi moto wambiri kaya latsala pang'ono kutha, nambalayo siisuntha kwenikweni. Pakati pa 80 peresenti ndi 20 peresenti kusiyana kwake sikufika ngakhale mavolti awiri. Kenako kumapeto imagwa mwadzidzidzi ngati munthu waponda m'dzenje. Pamenepo kachipangizo kolondera maselo, kotchedwa BMS, kamadula magetsi onse kuti selo lofooka lisawonongeke. Ndiye zii mudamvayo. BMS idagwira ntchito yake. Inu ndi amene mudalibe chokuuzani kuti nthawi yatha.

Chimene ndimaumiriza aliyense wondifunsa nkhaniyi n'chakuti agule mita yokhala ndi shunt, kachipangizo koyezera moto wodutsa m'waya. Shunt imamangidwa pa waya wa negativi, pafupi ndi batire, ndipo mawaya ena onse a negativi amadzera pamenepo. Imawerenga moto uliwonse wolowa ndi wotuluka, n'kukuuzani maperesenti otsala komanso maola amene mungayende pa liwiro limene muli nalo. Waya umodzi wokha ukailambalala, kuwerengako kwalakwika. Komanso imasokonekera pang'ono pakapita masiku, choncho milungu ingapo iliyonse muzitchaja batire mpaka lidzaziretu kuti mita iyambirenso pa 100. Kudzaza kumeneku kumapatsanso BMS mpata wolinganiza maselo.

Ikakhalapo mitayo mudzaona chinthu chimene ine chidandidabwitsa tsiku loyamba kuyenda nayo. Batire lanu limasunga pafupifupi mawati 5,000 a ola limodzi. Mota ikamakoka mawati 2,000 muli ndi maola awiri ndi theka; ikamakoka 1,000 muli ndi asanu. Tsono madzi ndi aumbombo: boti losauluka pamwamba pa madzi likafuna kuthamanga kuwirikiza kawiri, limadya mphamvu pafupifupi kasanu ndi katatu. Mukangobweza dzanja pang'ono, maola otsala aja amalumpha mukuona. Ine ndimagawa moto patatu: gawo lopitira, lobwerera, ndi lina losakhudza, la mphepo ndi mafunde zikatembenuka.

Za nyali zija zandidetsa nkhawa kuposa za mota. Nyali, wailesi ndi pampu yotulutsa madzi zisadalire batire limodzi ndi mota. Zipatseni kabatire kawokawo ka mavolti 12, kuti BMS ikadula musasanduke chikuni choyandama chimene maboti ena sakuchiona.

Tibwere pa kutchaja. Tchaja ikhale yopangidwira LiFePO4, yoima yokha ikafika pa mavolti 58.4 kapena kucheperapo pang'ono. Yakale ya mabatire aasidi ija, makamaka ngati ili ndi gawo lokweza mavolti pofuna kulinganiza, isayandikire. Musatchaje kukazizira kufika pansi pa madigiri 0, chifukwa maselo amawonongeka mkati osaonetsa kunja. Ndi tchaja yoyenera ndi BMS yamoyo, usiku umodzi si vuto, ngakhale ineyo ndimakonda kutchaja ndili pafupi ndipo ndimakhudza zolumikizira patapita theka la ola. Cholumikizira chotentha ndiye kuti chakhwefuka kapena chadyedwa ndi mchere, ndipo ngozi zambiri za moto m'maboti zimayambira pa mawaya. Boti likakhala miyezi osayenda, siyani batire lili theka, losalumikizidwa.

Onaninso ngati pali fyuzi yaikulu pafupi penipeni ndi mutu wa pozitivi, mkati mwa masentimita 18. Batire la lithium likagundanitsidwa limatulutsa moto wokwana kusungunula sipanala, n'chifukwa chake ambiri amasankha fyuzi ya mtundu wotchedwa Class T, yotha kudula moto waukulu chotere. Mawaya akhale amkuwa wokutidwa ndi tini, ndipo batire limangidwe zolimba pamalo okwera, pomwe madzi a pansi pa boti safika. Likamizidwa m'madzi amchere, likatupa, kapena likayamba fungo lachilendo, litulutseni n'kuliika panja kutali ndi zinthu zoyaka, musalitchajenso. LiFePO4 siligwira moto msanga ngati mitundu ina ya lithium, komabe likayaka utsi wake ndi wapoizoni ndipo lingathe kuyakanso mutaganiza kuti lazima.

China chimene simudafunse: pamene boti lalumikizidwa ku magetsi a padoko, mwana aliyense asasambire pafupi nalo. Waya wong'ambika ungathe kutayira magetsi m'madzi, ndipo m'madzi opanda mchere thupi la munthu ndi limene limakhala njira yapafupi ya magetsiwo. Minofu imauma, munthu n'kumira osakuwa. Soketi yapadokoyo ikhale ndi chodulira magetsi akamadontha, cha 30mA, ndipo muzidina batani lake loyesera musanalumikize tchaja.