Yankho: Salmon P. Chase anali ndani?

Achimwene, mwafunsa za nduna ya Pulezidenti Abraham Lincoln imene inkadana ndi ukapolo n'kudzakhala mkulu wa oweruza ku America. Ameneyo ndi Salmon P. Chase, wobadwa mu 1808 ku New Hampshire.

Mbiri yake inayambira ku Cincinnati, m'mbali mwa mtsinje wa Ohio. Kutsidya kwake kunali Kentucky, dera la akapolo, ndipo ambiri othawa ankawolokera pamenepo. Chase ankawaimira kukhoti pamodzi ndi owabisa, ngakhale milandu yambiri ankagonja. Anadzakhala senata, kenako bwanamkubwa wa Ohio, ndipo mu 1861 Lincoln anamupatsa unduna wa zachuma.

Koma mpando wa pulezidenti ankaufuna zedi, mpaka kumasowetsa mtendere bwana wake. Nkhope yake anaiika pa ndalama yapepala ya dola imodzi! Lincoln sanasunge mangawa: mu December 1864 anamusankha kukhala mkulu wa oweruza a khoti lalikulu la America m'malo mwa Roger Taney, uja anagamula mu 1857 kuti munthu wakuda sangakhale nzika. Pasanathe miyezi iwiri, Chase analola John Rock kukhala loya wakuda woyamba kupatsidwa chilolezo choimira milandu m'khoti lalikululo. Anatsogoleranso mlandu wofuna kuchotsa Pulezidenti Andrew Johnson mu 1868. Anamwalira mu 1873.