Njerwa tidaumba, nanga ndalama zomangira midadada zili kuti?

Mayi wina amene ali m'komiti ya sukulu ya pulayimale m'boma la Machinga wanditumizira imelo. Akuti makolo adaumba njerwa ndi kututa mchenga kalekale, koma ana a Sitandade 1 ndi 2 akuphunzirabe pansi pa mtengo. Funso lawo ndi lakuti, kodi ndalama zimene timamva mu bajeti ya maphunziro chaka ndi chaka zimapita kuti?

Mayi, gawo lalikulu la ndalamazo limathera ku malipiro a aphunzitsi, ndipo zotsalira zomangira zimakhala zochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha ana. Vutoli lidakula mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi lidayambitsa maphunziro aulere a pulayimale ndipo ophunzira adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, midadada ili yomweyo. Ganizolo lidali labwino, koma kumanga sikudathamange mofanana ndi kulembetsa ana, n'chifukwa chake muyezo wa boma wa ana 60 m'kalasi imodzi udakali kutali, makamaka m'makalasi a ana aang'ono kumene oposa 100 amathinana pansi popanda madesiki.

Ndalama zimene zimalowa mu akaunti ya sukulu yanu, zija zotukulira sukulu timazitcha SIG, si zomangira mdadada watsopano. Izo n'zogulira choko ndi makope, kukonzera zitseko ndi mawindo, ndiponso kuthandizira ana ovutika, choncho musawakayikire ahedi chifukwa chakuti sadamange nazo kalasi. Zomangira zimadzera njira zina: ku khonsolo ya boma lanu, ku thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF limene lidayamba mu 2006 ndipo lidafika pa K200 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu bajeti ya 2024/25, komanso ku mapulojekiti a abwenzi akunja monga pulojekiti yokonzanso maphunziro ya MERP, imene idayamba ndi thandizo la Banki Yaikulu Padziko Lonse ndi cholinga chomanga makalasi 10,900. Pamenepa ndi pondidetsa nkhawa ine, chifukwa dziko likamadalira abwenzi pomanga makalasi a ana ake, ntchito imayima tsiku limene pulojekiti yatha.

Za njerwa zanuzo, ndiyenera kukuuzani zoona ngakhale zili zowawa. Mwambo woti mudzi uumbe njerwa kenaka boma libweretse simenti ndi malata udazika mizu nthawi ya MASAF, thumba lija lothandiza ntchito zachitukuko za m'midzi, koma kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma pofuna kuteteza mitengo, ndipo makontirakitala tsopano amagwiritsa ntchito mabuloko a simenti. Musanawauzenso makolo kuti aumbe zina, funsani kaye ku khonsolo ngati zidzalandiridwe.

Ndikupemphanso kuti musafulumire kumanga nokha chipupa chachitali popanda mmisiri wodziwa ntchito. Mu 2018 ana anayi adamwalira pa sukulu ya Nantchengwa ku Zomba chipupa chitawagwera, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagumula makalasi ambiri m'chigawo cha kumwera, pamene ena mwa amene adatsala adasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Mdadada wopanda maziko olimba ndi msampha. Polemba zosowa zanu musaiwale zimbudzi ndi chipinda chosinthira atsikana, pakuti mtsikana amene watha msinkhu akasowa pobisala amajomba masiku angapo mwezi uliwonse mpaka kusiyiratu sukulu, ngakhale kalasi yake ikhale ya malata atsopano.

Chochita chilipo. Komiti yanu, pamodzi ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi gulu la amayi, ilembe kusowa kwa makalasi mu pulani ya sukulu, ndipo kalata ipite kwa alangizi a zoni ndi ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Nkhani yomweyo idzerenso ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), chifukwa ntchito imene sidalowe mu pulani ya chitukuko ya khonsolo kawirikawiri sipatsidwa ndalama. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho mukhoza kulembera DC kupempha mndandanda wa ntchito za CDF za dera lanu ndi ndalama zimene iliyonse idadya. Kalata iliyonse muisiyire kope lodindidwa chidindo cha ofesi imene yailandira, kuti podzalondola mudzakhale ndi umboni wa tsiku limene mudapereka.