Achemwali, za honors zija: mwana alowe, koma imvani kaye

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Alamu, moni. Azakhali, ndaona muli pa gulu pano, moni wanu. Ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa kulemba kungatalike, ndiye mundipirire pang'ono.

Uthenga wanu ndaumva. Mwati mwana wathu walandira kalata ku koleji kwake kuno ku America yomuitana kuti alowe honors program, ndondomeko ya maphunziro ozama ya ana okhoza bwino, akamayamba chaka chachiwiri. Ndiye mukufunsa ngati chimenechi ndi chaka china chowonjezera monga amachitira ku Joni, ngati pakhale ndalama zina zolipira, komanso ngati sizimusokoneza poti iye mtima wake uli pa udokotala. Ine maganizo anga ndi akuti alowe. Koma ndisangoti alowe basi, ndikufuna mumvetse chimene akukalowacho, chifukwa chikutikhudza ifenso a pabanja.

Za chaka chowonjezera, ayi. Ku South Africa digiri yoyamba nthawi zambiri ndi ya zaka zitatu, ndiye wofuna honours amabwereranso chaka china, kulipiranso fizi. Kuno ku America sizitero. Digiri ndi ya zaka zinayi, ndipo honors imakhala mkati mwa zaka zinayi zomwezo. Adzamaliza tsiku limodzi ndi anzake amene analowa nawo. Fizi nayonso, m'makoleji ang'onoang'ono ngati akewa, kawirikawiri siisintha. Komabe afunse ku ofesi ya financial aid, yoona za fizi ndi thandizo la ndalama, ndipo amuyankhe molemba, osati pakamwa. Pomwepa ndichenjezeretu: ana amene akukhoza bwino amalandiranso maimelo ochokera ku mabungwe a kunja kwa koleji, odzitcha honor society, onena kuti tumiza madola akutiakuti tikulembe m'kaundula wathu. Zimenezo n'zina. Mabungwe olemekezeka alipo, monga Phi Beta Kappa imene inayamba mu 1776, koma iwowo amasankha kudzera mwa aphunzitsi a pakoleji pomwepo, chakumapeto kwa maphunziro. Imelo yopempha ndalama ikabwera, asalipire asanamuonetse adviser wake, mlangizi wake wa zamaphunziro pakoleji.

Tsono kuti mumvetse honors, muyambe mwamvetsa koleji imene mwanayu ali. Awa amawatcha ma liberal arts college ndi ang'onoang'ono, ambiri ophunzira ake safika 3,000, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuphunzitsa a digiri yoyamba. Mwana salowa atasankhiratu kosi ngati kwathuko, kumene ukasankhidwira unamwino ndiwe namwino basi. Kuno zaka ziwiri zoyambirira amalawa zambiri, masamu, sayansi, mbiri yakale, filosofi, chilankhulo china, ndipo chakumapeto kwa chaka chachiwiri ndi pamene amanena major yake, ndilo phunziro lake lalikulu. Si makoleji achabechabe ayi. Kofi Annan, uja anadzakhala mlembi wamkulu wa United Nations, anamaliza pa koleji yotereyi, Macalester ku Minnesota, mu 1961.

Honors yamtunduwu inatchukira ku Swarthmore College ku Pennsylvania. Mu 1922 mkulu wa kolejiyo, Frank Aydelotte, amene anaphunzirako ku Oxford, anaona kuti ana akhama akungoyenda pa liwiro la kalasi yonse. Ndiye anakonza zoti ofuna azikumana m'timagulu tating'ono, aziwerenga okha mozama, azilemba, n'kumabwera kudzakambirana. Pamapeto owayesa si aphunzitsi awo, koma akatswiri oitanidwa kuchokera ku masukulu ena, mayeso olemba ndi apakamwa omwe. Mpaka lero ku Swarthmore amatero. Makoleji ena anatengerako, aliyense mwa njira yake. Ena amayamba nawo ana chaka choyamba kapena chachiwiri, ngati mmene zilili ndi wathuyu. Ena honors yawo imangokhala ya chaka chomaliza, mu dipatimenti ya major. Enanso, monga Wooster ku Ohio ndi Reed ku Oregon, wophunzira aliyense amalemba kafukufuku wake asanamalize, palibe wozemba. N'chifukwa chake malamulo omugwira iyeyo ndi amene alembedwa m'kalata yake, osati zimene akumva kwa anzake a ku makoleji ena.

Ine chimene ndikumufunira mwanayu si dzina lakuti honors pa satifiketi. Ndikumufunira tebulo la semina. Amakhala anthu 10, mwina 15, kuzungulira tebulo limodzi ndi pulofesa, aliyense atawerenga buku kapena pepala la sabata imeneyo. Pulofesa saima kutsogolo n'kumalankhula ola lonse. Amafunsa: iwe ukuti bwanji, wolembayu walasa kapena waphonya, umboni wako uli pati? Ndipo kulankhula m'kalasi kumakhala ndi malikisi ake. Apa ndi pamene ana athu amavutikira, achemwali, osati chifukwa chochepa nzeru. Tinawalera kuti wamkulu akamalankhula umayang'ana pansi, sutsutsa, sumudula mawu. Ulemu umenewo ndi wabwino, sindikufuna autaye. Koma pa tebulo lija ukangoti phee, amaona ngati sunawerenge. Wathuyu mukumudziwa, ndi wofatsa, mutu wake umagwira koma amadikira kuti afunsidwe. M'makalasi wamba akhoza kutha zaka zinayi akukhoza mayeso bwinobwino, koma wopanda pulofesa ndi mmodzi yemwe wodziwa mmene amaganizira. Mu semina mulibe pobisala.

Masabata oyamba zidzamuwawa. Mwina adzakuimbirani akulira kuti anzake Chingerezi chawo n'chothamanga, kuti akamati atsegule pakamwa nkhani yapita kale. Musadzamuuze kuti basi tuluka mwanangu. Mudzamuuze kuti azilemba mfundo imodzi kapena ziwiri papepala asanalowe, n'kuzinena koyambirira mantha asanamugwire. Azipitanso ku office hours, ndiyo nthawi imene pulofesa amakhala mu ofesi, chitseko chili chotsegula, kudikira ophunzira. Ana a kuno amapitako ngakhale alibe vuto, kukangocheza za zimene awerenga. Athu amaona ngati n'kuvutitsa munthu wamkulu, pamene nthawiyo inaikidwira iwo omwe. Safunsa anadya phula.

Chachikulu chimabwera chaka chomaliza, thesis. Amasankha funso lakelake, pulofesa mmodzi n'kumamuyang'anira, kukumana pafupifupi sabata iliyonse kwa masemesita awiri, kenako amakakhala pamaso pa mapulofesa angapo kuteteza zimene walemba. Zili ngati mwana wophunzira ukalipentala: kuonerera mmisiri akupala thabwa n'kwina, kupatsidwa matabwa kuti ukhome chitseko wekha mmisiri ali pambali n'kwinanso. Akatenga biology, thesis yake ikhala ya mu labu, ndipo makoleji ambiri amapereka ndalama kwa ophunzira ochita kafukufuku pa holide yaitali ya June mpaka August, ndiye amalandira kangachepe uku akuphunzira. Mtima ukamukokera ku mbiri yakale, poti munati kalasi ya history anaikonda zedi, akhoza kupempha thandizo lobwerera kumudzi kudzawerenga mafayilo ku National Archives ku Zomba, kapena kudzacheza ndi akuluakulu m'midzi. Kufunsa anthu mafunso kumafuna chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ku koleji kwake ndi ku Malawi komwe, ndiye zoterozo amaziyamba msanga. Ndipo asadziderere. Ali ndi zimene anzake pa tebulo lija alibe: amamva Chichewa, amadziwa mmene mzere wa pachipatala cha boma umakhalira Lolemba m'mawa, malungo anawadwalapo, sanangowawerenga m'buku.

Phindu lina limaonekera pa makalata. Akadzafuna kupitiriza, kaya masters, kaya PhD, kaya udokotala womwewo, masukulu amafuna makalata omuchitira umboni, kawirikawiri atatu. Pulofesa amene anangokuona m'kalasi amalemba kuti mwanayu anapeza A, basi yathera pomwepo. Amene wakhala nawe chaka chathunthu amalemba mmene unachitira tsiku limene kafukufuku anakanika, n'kuyambiranso. Owerenga mafomu aja amasiyanitsa makalata awiriwa.

Za udokotala tsono. Kuno munthu salowa sukulu ya udokotala akangochoka ku sekondale. Amayamba wamaliza digiri ya zaka zinayi, ya phunziro lililonse, bola akhale atatenga makalasi ofunikawo, biology, chemistry, organic chemistry, physics, ndi malabu ake, kenako n'kulemba mayeso olowera sukulu ya udokotala otchedwa MCAT. Kamuzu amene anadzera njira yomweyo. Anayamba ndi digiri ya mbiri yakale ku University of Chicago mu 1931, udokotala anadzamaliza ku Meharry Medical College mu 1937. Ndiye kuwerenga filosofi mu semina sikumutsekera khomo. Chimene chingamuvute ndi kugundana kwa nthawi. Labu ya organic chemistry imadya masana onse, ndipo semina ya honors ikagwera nthawi yomweyo, chimodzi chiyenera kusuntha. Akhale pansi ndi adviser wake, ayale zaka zitatu zotsalazi papepala, semesita ndi semesita, asanasaine chilichonse. Ndinenenso chilungamo pagulu pano, alamu mumve: sukulu za udokotala za kuno zimene zimalandira ana ochokera kunja n'zochepa, ndipo ndalama zake n'zoopsa. Mwanayu afunika makomo ena otseguka, monga public health kapena kafukufuku wa matenda, ndipo makomo amenewo amatsegulidwa ndi thesis ndi makalata aja.

Choopsa chake nachi. Magiredi kuno amawerengera pa 4.0, ndiyo GPA mumaimva ija. Honors imakhala ndi mlingo wake, kwina 3.3, kwina 3.5. Ukatsika amakuchenjeza, ukapanda kukwera amakuchotsa. Kuchotsedwa mu honors si maliro, digiri amalandirabe. Koma sikolashipu yake ndiyo yagwira zonse. Afunse ngati nayonso ili ndi mlingo wa GPA, chifukwa masemina zowerenga zake n'zambiri, ndipo sitingalole kuti honors igwetse sikolashipu. Viza yake ya F-1 nayo imafuna kuti semesita iliyonse akhale ndi makalasi okwanira. Kalasi ikamulemera, sangangoisiya pakati asanalankhule ndi ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja.

Ndiye apa ndikulankhula ndi tonse pa gulu pano, ndipo ndikupempha mundimvere bwino. Viza imamulola kugwira ntchito pasukulu pompo, osapitirira maola 20 pa sabata sukulu ikakhala ili mkati. Panopa akutsuka mbale ku dining hall pafupifupi maola onsewo, ndipo tonse tikudziwa kuti gawo la timadola timeneto likumabwera kumudzi, la feteleza, la fizi ya ang'ono ake, la chipepeso pakagwa zovuta. Mwanayu sakana. Sangayerekeze kunena kuti ayi kwa azakhali ake, kapena kwa ine malume ake. Koma munthu sangatsuke mbale maola 20, n'kukhala mu labu masana awiri, n'kuwerenga masamba mazanamazana a semina, n'kupezanso nthawi yogona. Choyamba kutha chimakhala tulo, kenako thanzi, makamaka December ndi January kukamada 5 koloko isanakwane, kunja kukuzizira koopsa, mwana ali yekha m'chipinda kutali ndi amayi ake. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa magiredi.

Akalowa honors, maola a ntchito atsike, mwina afike theka, ndipo ndalama imeneyo ikhale yake ya mabuku, jekete ndi sopo. Fizi ya mng'ono wake wa Fomu 3 uja ndiitenga ine kuyambira teremu ikubwerayi. Za feteleza, alamu, tikambirana awiri kumbali. Vuto likagwa kumudzi, lemberani ine, osati iye. Azakhali, ndikudziwa mumamukonda ndipo naye amakukondani, koma pa zaka zitatu izi timupatse mpata.

Komanso achemwali, mumufunse iyeyo ngati akuzifuna. Asalowe chifukwa choti ife tikanyadire ku tchalitchi. Amene adzakhale mu laibulale mpaka usiku ndi iye, ndipo thesis ya munthu wokakamizidwa siitha. Akati akufuna, tonse timugwire mkono. Akati ayi, koleji yakeyo ndi yaing'ono kale, mapulofesa angawafikirebe, ndipo m'makoleji ambiri mwayi wolemba thesis mu dipatimenti umabweranso akamalowa chaka chomaliza.

Muuzeni ajambule kalatayo mbali zonse, atumize pano lero, tione tsiku lomaliza kuyankha ndi mlingo wa GPA umene alembapo. Sabata ino apeze ophunzira awiri a chaka chachinayi amene ali mu honors, mmodzi akhale wa sayansi, awafunse mmene sabata yawo imayendera ndi maola angati a ntchito amene amakwanitsa. Loweruka masana ndimuimbira ndimve zimene wapeza, ndipo Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi tiimbirane tonse atatu.